Kope ndi machekeni m'chikwama cha gadiyani

"Ukapitiriza kulira ndikakuneneza kwa adokotala akubaye jakisoni." Mawu amenewa takula nawo tonse. Amamveka mumsika, m'minibasi, kutchalitchi, ngakhale pakhomo mwana akakana kusamba. Amagwira ntchito, n'chifukwa chake sakutha: mwana amangoti zii nthawi yomweyo. Koma ngongole yake imadzabwezedwa tsiku lina, pamene mwana yemwe uja wapezeka ndi chophukacho, kapena wathyoka mkono atagwa mumtengo wa mango, adokotala n'kunena kuti pakufunika opaleshoni. Moyo wake wonse wakhala akumva kuti kuchipatala n'kumene amalangirako ana osamvera. Lero mukumuuza kuti avule zovala zake, avale zachilendo, agone pabedi la matayala, ndipo anthu ophimba kukamwa apite naye kuchipinda chimene amayi ake saloledwa kulowa. Mumtima mwake funso ndi limodzi basi: kodi ndalakwa chiyani?

Ambiri mwa inu amene mukuwerenga izi pafoni muli ndi mwana woyamba, kapena ndinu azakhali ndi amalume amene banja limathamangira zinthu zikavuta: "Iwe ndiye wophunzira, ukakhale gadiyani." M'chikwama mumaika chitenje, bulangeti, kapu, sopo, tchaja ya foni ndi buku la kuchipatala. Sabata ino ndikupempha kuti muwonjezeremo zinthu ziwiri: kope latsopano ndi paketi ya machekeni. Ndifotokoza chifukwa chake, komanso momwe mungazigwiritsire ntchito.

Mantha amakulitsa ululu

Ena amati mwana alire, adzaiwala. Thupi lake siliiwala msanga choncho. M'chaka cha 2006, Dr. Zeev Kain, katswiri wogonetsa odwala pa opaleshoni, ndi anzake a pa yunivesite ya Yale ku America, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana 241 a zaka zapakati pa 5 ndi 12 amene anachitidwa opaleshoni ya pakhosi yochotsa ma tonsils. Ana amene analowa ku fiyeta ali ndi mantha aakulu anamva ululu wochuluka atadzuka, anamwa mankhwala opha ululu ambiri atabwerera kunyumba, ndipo ankavutika kugona kuposa anzawo amene analowa mtima uli m'malo. Opaleshoni inali imodzimodzi. Chosiyana chinali mantha.

Zimatheka bwanji? Kale mu 1965, akatswiri awiri, Ronald Melzack ndi Patrick Wall, anafotokoza kuti uthenga wa ululu suchoka pachilonda n'kukafika ku ubongo mwachindunji ngati madzi a mumpopi. Umadutsa kaye mumsana, pamalo amene iwo anayerekeza ndi chipata. Chipatacho chimatha kutseguka kwambiri kapena kutsekeka pang'ono. Kusisita pakhungu kumachitsekako, n'chifukwa chake mukadzigunda chigongono pachitseko mumayamba kusisita musanaganize n'komwe. Ubongo nawonso umatumiza uthenga wake kuchipatako. Maganizo onse akakhala pachilonda, munthu ali ndi mantha, chipata chimakhala chotsegula. Maganizo akatanganidwa ndi ntchito ina yokoma, uthenga wa ululu umafika wochepako. Mwana amene wakwinya nkhope akuyesetsa kuti mtundu wofiira usatuluke kunja kwa mzere wa galimoto yake, gawo lalikulu la mutu wake lili pagalimotoyo.

Mwina mukuti, nanga si foni ili pompano, ndingomuikira makatuni? Ikani ndithu, imathandiza, makamaka pa mphindi zochepa zija akumubaya. Koma foni ili ndi malire ake. Batire limatha, soketi mu wodi ndi yolimbirana, bandulo nayonso siichedwa. Chachikulu n'chakuti foni imangomulowetsa mwana zinthu m'maso, siitulutsa zimene zili mumtima mwake. Pepala limatulutsa.

Zimene pepala limaulula

Mwana wa zaka zisanu sangakuuzeni kuti "ndili ndi nkhawa". Mawu amenewo alibe. Amangokhala wovuta, kukana kudya, kukakamira chitenje cha amayi ake, kapena kungoti duu, ife n'kumamuyamikira kuti ndi wolimba mtima.

Ndinakhalapo gadiyani wa mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 6 amene ankadikira opaleshoni ya chophukacho. Madzulo ake ndinamupatsa kope ndi kumupempha kuti ajambule zimene zichitike mawa. Anajambula munthu wamtali atanyamula chinthu chachitali m'manja, pansi pake kamunthu kakang'ono katagona miyendo ili m'mwamba. Nditamufunsa kuti andiuze nkhani ya chithunzicho, anati, "Awa ndi adokotala, ichi ndi chikwanje." Anali atamva alendo obwera kudzazonda akunong'onezana kuti "mawa akamung'amba", ndipo chinthu chokhacho chimene iye anaonapo chikung'ambidwa ndi mbuzi ya pa Khirisimasi. Tsiku lonse anali chete, akusenza mbuzi imeneyo m'mutu. Tinaitana anamwino, anamufotokozera kuti kabala kake kadzakhala kakang'ono, anamuonetsa kutalika kwake pachala, ndipo iye anajambula chithunzi china. Pachithunzi chachiwiricho kamunthu kaja kanali ndi bulangeti.

Tamvani mawu amene akulufe timagwiritsa ntchito. Timati "akamung'amba", "akamudula", "akamugoneka". Mwana amene anamvapo pamaliro kuti agogo agona, mukamuuza kuti adokotala akamugoneka, mwamuuza nkhani yoopsa osadziwa. Ana aang'ono ambiri amakhulupiriranso kuti matenda ndi chilango: ndinaba shuga, ndinatukwana mlongo wanga, n'chifukwa chake andibweretsa kuno. Zinthu zotere simungazikonze musanazidziwe, ndipo njira yachidule yozidziwira ndi kuziona papepala.

Kodi si za azungu zimenezi?

Funso limeneli ndimalimva, ndipo silopusa. Munthu amene wakongola ndalama ya thiransipoti kuti afike ku chipatala chachikulu akhoza kuona ngati nkhani ya machekeni ndi ya anthu okhuta. N'zoona kuti dzina lakuti art therapy linachokera kunja. Analiyambitsa ndi Adrian Hill, katswiri wojambula wa ku Britain, mu 1942. Iyeyu anadwala TB, anagonekedwa nthawi yaitali, ndipo anaona kuti kujambula ali pabedi kunkamupepuza mtima. Kenako anayamba kuphunzitsa odwala anzake. Ku America, mayi Emma Plank anayambitsa mu 1955 ntchito yosewera ndi kuphunzira ndi ana odwala pachipatala cha mumzinda wa Cleveland, ndipo lero m'zipatala zambiri za kumeneko muli anthu olembedwa ntchito yokhayo yokonzekeretsa ana opaleshoni isanachitike. Mu 2019 nthambi ya ku Ulaya ya bungwe la WHO inatulutsa lipoti lounika zolembedwa zoposa 900 pa nkhani ya luso ndi thanzi, ndipo inapeza kuti luso lili ndi malo ake pothandiza odwala.

Kuno kwathu nakonso omanga zipatala za ana anayamba kuliganizira. Chipatala cha opaleshoni ya ana cha Mercy James, chimene chinatsegulidwa mu Julaye 2017 pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi thandizo la woimba Madonna kudzera m'bungwe lake la Raising Malawi, anachimanga ndi chipinda chosewereramo ana komanso makoma ojambulidwa zithunzi. Koma ana ambiri amachitidwa opaleshoni m'zipatala za m'maboma, kumene namwino mmodzi amayang'anira mabedi ochuluka ndipo sangapeze mpata wokhala pansi n'kumajambula ndi mwana aliyense. Kumeneko wokonzekeretsa mwana ndinu, a gadiyani.

Ndipo luso si mlendo kwa ana athu. Ndani anawaphunzitsa kupinda waya n'kukhala lole ya matayala a zitsekerero za mabotolo? Ndani anawaphunzitsa kuumba ng'ombe zadongo za nyanga ndi linunda, kumanga mpira wa mapepala, kusandutsa chitsononkho kukhala mwana woberekedwa kumbuyo, kapena kujambula nyumba pansi ndi kamtengo? Mwana wa kuno amaganiza ndi manja. Akagonekedwa m'chipatala timamulanda zonsezo nthawi imodzi, n'kumusiya ayang'ane kudenga. Kope ndi machekeni zimangomubwezera manja ake.

Masiku opaleshoni isanachitike

Choyamba, muuzeni zoona. Musamunamize kuti mukupita kwa azakhali ku tauni kapena kukagula nsapato. Bodza limakupulumutsani pa ola limodzi la kulira, koma limakulandani chinthu chimene mudzachifuna kwambiri mawa lake: kuti mukanena kuti "zatha, sakubayanso", akukhulupirireni. Mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu muuzeni kutatsala tsiku limodzi, chifukwa sadziwa kuwerenga masiku. Wa zaka zinayi mpaka 6, kutatsala masiku awiri kapena atatu. Wamkulu kuposa pamenepo, kutatsala sabata, kuti apeze nthawi yofunsa mafunso.

Kenako jambulani limodzi msewu wa tsikulo. Yambirani kunyumba kwanu, ikani minibasi, geti la chipatala, bedi la mu wodi, chovala cha ku fiyeta, bedi la matayala, chitseko chimene inu mudzaima kumudikira, malo odzukira, ndipo kumapeto nyumba yomwe ija. Inu lembani mzere, iye ajambule zinthuzo. Musaiwale nyumba yakumapetoyo. Ana ambiri amauzidwa za kupita, palibe amene amawauza za kubwerera. Ngati simukudziwa ndondomeko yake, funsani anamwino kapena adokotala ogonetsa akabwera kudzamuona. Kufunsa ndi ufulu wanu.

Mpempheninso ajambule yekha zimene akuganiza kuti zichitika. Apa pamafunika kudziletsa. Musamasulire chithunzi ngati maloto, musathamangire kunena kuti wagwiritsa ntchito mtundu wakuda ndiye kuti zinthu zavuta. Mwina wakudawo ndi umene unali pafupi. Ingonenani kuti, "Tandiuza za chithunzichi. Uyu ndani? Akutani? Akumva bwanji?" Ana ambiri savutika kunena kuti kamunthu ka papepala kakuopa, pamene akanakana kunena kuti iwowo akuopa. Mukamva cholakwika, konzani ndi mawu osavuta: "Adokotala akupatsa mankhwala a tulo tapadera. Pamene akukonza pamimba sumva kanthu. Akamaliza amasiya kukupatsa mankhwalawo ndipo umadzuka. Ine udzandipeza." Muuzeninso momveka kuti sanalakwe chilichonse.

Jambulani thupi la munthu papepala, iye asonyeze pamene pakuvuta, amatepo kapepala ngati bandeji. Ngati ali ndi chidole, chikhale wodwala, iye akhale dokotala. Ana ambiri amagonetsedwa popuma mpweya wa mankhwala kudzera mu masiki ya pulasitiki yovundikira mphuno ndi pakamwa, ndipo kwa mwana amene sanaionepo imaoneka ngati akufuna kumutseka mpweya. Pindani pepala ngati kachipewa, alikongoletse ndi machekeni, aziyeserera kupumiramo, poyamba chidole, kenako inu, kenako iye. Chinthu chimene waseweretsapo sichiopsa ngati chimene wachiona koyamba atagona chagada.

M'mawa wa tsikulo

Nthawi yovuta kwambiri kawirikawiri ndi yodikira. Mwana amaletsedwa kudya kwa maola angapo, nthawi zambiri 6 pa chakudya cholimba, kuti asasanze ali mtulo n'kutsamwa masanziwo kulowa m'mapapo. Tsatirani ndendende maola amene achipatala akuuzani, ngakhale alire bwanji, ndipo ngati wadya kanthu mobisa, ululani. Si nkhani yochitira manyazi, ndi nkhani ya moyo. Musadye iye akuona. Mndandanda wa opaleshoni umatha kusintha pakabwera wodwala wangozi, ndiye mwana wanjala akhoza kudikira m'mawa wonse. Apa m'pamene kope limalipira mtengo wake.

Sankhani ntchito zotenga nthawi: kujambula mudzi wonse ndi nkhuku zake, timu yake ya mpira aliyense ndi nambala yake, kapena kusinthana, inu mutu wa chilombo, iye thupi, inu miyendo. Muloleni asankhe yekha mitundu. Ng'ombe ikakhala yobiriwira, ikhale yobiriwira. Tsiku limeneli aliyense akumuuza zochita: vula, gona, tambasula mkono, usagwedezeke. Papepala pokha m'pamene iye ali bwana, musamulandenso pamenepo.

Pofuna kumuika diripi, funsani mwaulemu ngati n'kotheka kuika kudzanja limene salembera. Nthawi zina mtsempha umakana, koma kufunsa sikulakwa. Musanene kuti sizipweteka. Nenani kuti, "Zipweteka pang'ono ngati kulumidwa ndi linthumbu, tiwerenga limodzi mpaka teni." Mkhazikeni pamiyendo panu ngati anamwino alola, m'malo momupanikiza pabedi anthu atatu, ndipo maso ake akhale pachithunzi: "Tandiwerengera nkhuku zimene wajambula apa."

Pali phindu linanso limene sitilitchula. Ana amawerenga nkhope za akulu. Mayi akamanjenjemera, mwana amadziwa kuti zinthu zavuta ngakhale pakamwa pakunena kuti zonse zili bwino. Gadiyani amene manja ake ali pa machekeni amapuma bwino kuposa amene akungoyenda uku ndi uku akuyang'ana chitseko.

Akadzuka

Ana ena amadzuka akulira, osokonezeka, osazindikira ngakhale amayi awo kwa kanthawi. Zimachitika ndi mankhwala ogonetsa ndipo zimatha. Imeneyo si nthawi ya kope. Mugwireni dzanja, mulankhuleni motsitsa. Kope libwere akayamba kuyang'ana uku ndi uku.

Likabwera, ntchito yake yoyamba ikhale kuyeza ululu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, namwino Donna Wong ndi mnzake Connie Baker, akugwira ntchito ndi ana mumzinda wa Tulsa ku America, anaona kuti ana amalephera kufotokoza kukula kwa ululu ndi manambala. Anawapempha kuti ajambule nkhope zosonyeza mmene akumvera, ndipo kuchokera pa zojambula za anawo panabadwa sikelo ya nkhope 6, kuyambira yomwetulira pa 0 mpaka yolira pa 10, imene lero ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri kwa ana a zaka zitatu kupita m'tsogolo. Inunso jambulani nkhope zoterozo m'kope, mwana aziloza imene ikufanana ndi ululu wake. Pa chithunzi cha thupi chija apake mtundu pamene pakupweteka. Mukatero muli ndi chokauza anamwino chomveka: m'mawa analoza nkhope yachiwiri, tsopano akuloza yachisanu, ndipo akupaka pamimba ponse.

Apa ndinene motsindika: machekeni salowa m'malo mwa mankhwala opha ululu. Dziko linalakwirapo ana pa nkhani imeneyi. Mpaka zaka za m'ma 1980 madokotala ambiri ankakhulupirira kuti makanda samva ululu kwenikweni, ndipo ena ankachitidwa opaleshoni ndi mankhwala ochepa kwambiri, kufikira kafukufuku wa Dr. Kanwaljeet Anand, wotuluka mu 1987, anasonyeza kuti makanda opatsidwa mankhwala okwanira ankachira bwino kuposa anzawo. Choncho mwana akamajambula mwakachetechete sizikutanthauza kuti sakumva kupweteka. Alandire mankhwala ake pa nthawi yake. Akatentha thupi, chilonda chikatupa kapena kutuluka mafinya, akamasanza mosalekeza kapena kufooka, siyani zonse muitane achipatala.

Masiku otsatira, kope lithandize pa zinthu zobwerezabwereza monga kutsuka chilonda. Jambulani mabokosi a masiku, tsiku lililonse likatha apakemo mtundu. Ana ochitidwa opaleshoni ya mafupa, monga amene amathandizidwa mapazi opindika pa Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002, amakhala ndi chikhakha kwa masabata. Chikauma bwino, adokotala akalola, chikhakha chimasanduka pepala labwino kwambiri, ndipo mwana amene amachita nacho manyazi amayamba kuchionetsa kwa anzake.

Zoyenera kusamala

Mu wodi ya opaleshoni ukhondo ndiye mfumu. Dongo, makala ndi mchenga zidikire kunyumba mpaka chilonda chitapola. Musabwere ndi lezala yosongolera pensulo, ndipo mikanda ndi tinthu ting'onoting'ono tisafike kwa ana osakwana zaka zitatu, amaika m'kamwa. Sambani m'manja musanayambe ndi pomaliza, machekeni asakhudze bandeji, ndipo ngati mwana wanu kapena wa bedi loyandikana ali ndi matenda opatsirana, funsani anamwino musanabwerekane. Akakana kujambula, musamukakamize. Yambani inuyo kujambula mwakachetechete pambali pake, mwinanso molakwitsa dala. Ndi ana ochepa amene angapirire kuona munthu wamkulu akuika miyendo itatu pa galu osamulanda pepalalo.

Foni ija igwire ntchito iyi: jambulani chithunzi chimene wapanga, tumizani pa WhatsApp kwa abambo ake kapena agogo, mumumvetsere mawu awo akuyamikira. Koma ana a eni ake amene agona mu wodi musawajambule, ndipo wanu yemwe, ali ndi machubu ndi mabandeji, si wa pa Facebook. Adzakula, adzaziona.

Mukabwerera kunyumba musadabwe akayambanso kukodza pogona, kulota zoopsa kapena kukukakamirani kwa masabata angapo. Ndi njira imene thupi laling'ono limatulira katundu. Msiyeni ajambule chipatala kambirimbiri, achite opaleshoni zidole zonse za pakhomo. Zikapitirira osasintha, kauzeni achipatala pa tsiku lokaonetsa chilonda.

Pomaliza, pempho langa kwa inu amene mulibe wodwala lero. Magulu a achinyamata a kumpingo ndi kumzikiti, magulu a pa WhatsApp a anzathu a kusukulu, timapita kukazonda odwala titanyamula sopo, shuga ndi buledi, ndipo n'zabwino. Ulendo wotsatira, pemphani chilolezo kwa oyang'anira wodi ya ana, muikemo m'thumbamo makope angapo ndi machekeni. Gulani paketi yoposa imodzi, chifukwa mwana wa bedi loyandikana adzakhala akusuzumira, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukafika musangosiya n'kutuluka. Khalani pansi mphindi khumi, mufunse mwanayo dzina la ng'ombe yake yobiriwirayo.